Njoka Yophethira

Khasu la bambo ake, a Jobson, linali kale m'mwamba pamene Tamara anagwada pamzere wa mtedza n'kutchinga kachirombo kena ndi dzanja.

"Chotsa dzanjalo, mwanawe. Ndi njoka imeneyo."

Tamara sanasunthe. Miyezi inayi yathunthu anali atapondaponda madambo a kwa Zulu, kufunafuna buluzi amene moyo wa m'udzu unamuumba ngati njoka. Popanda buluziyo, kafukufuku wake wa kuyunivesite sakanatha.

"Weramani, bambo. Kayang'aneni m'maso."

A Jobson anawerama monyinyirika. Kachirombo kaja kanaphethira. Chakumchira kunali timiyendo tiwiri tonga minga.

"Njoka zonse mwaphazi, ilipo inaphethirapo?" anafunsa Tamara.

Mkuluyo anavula chipewa chake.

"Kaike umu. Usakafinye."