Nyama ya Dontavius

Mu lesitilanti, Dontavius Pettway anaitanitsa nyama ya ng'ombe, koma woperekera zakudya anamuikira nsomba yozizira.

Moyang'anana naye munali a Hollis Brandvold, osaka osewera a timu yaikulu ya mpira wa ku America. Anabwera mumzinda wa Mobile kudzayesa anyamata a m'makoleji tsiku losankha osewera lisanafike.

Mphunzitsi wa mpira wa Dontavius anali atamuchenjeza kale: "Akuluakulu amenewa amauza operekera zakudya kuti alakwitse dala. Ukangokwiya, wagwa."

"Zikomo, mayi," anatero Dontavius, n'kuyamba kudya.

"Ine, mwana wanga, ndapondamo m'makoleji mazana atatu!" anadzitama a Brandvold, akutafuna nyama imene Dontavius anaitanitsa ija. "Munthu ndimamuwerenga asanakhale n'komwe pansi. Ikukoma nsombayo?"

"Kwambiri, bwana."

Woperekera uja anamutayira msuzi pamalaya. Dontavius anamwetulira. A Brandvold anatola mbatata m'mbale ya Dontavius, iye n'kuwakankhira mbale yonse.

Atangotuluka, Dontavius anaimbira amayi ake. "Amayi, ndakhoza! Sindinakwiye ngakhale kamodzi. Ntchito yososola nkhuku kufakitale ija konzekani kuisiya."

M'galimoto, a Brandvold anatsegula kabuku kawo akutokosa m'mano, n'kulemba: "Pettway, wotchinga kumbuyo. Liwiro la mphepo, chifuwa ngati chitseko. Koma ndamudyera nyama yake akuona, iye n'kuthokoza. Wotereyu adzaperekeza adani mpaka pagolo. Musamutenge."