Phulusa la Mtengo wa Ndaziona

Masiku ano phulusa si la mwini moto. Loweruka lililonse ngolo imayenda khomo ndi khomo kuwola phulusa, kuti likathiridwe m'munda wa manachesi wa mudzi, kumene nthaka inawawasa. Miphika timakwecha ndi mchenga. Thelere la chidulo tinaiwala kukoma kwake.

Ine ndinkabisako pang'ono m'chigubu kuseri kwa nkhokwe, kuti mwana wathu Ndaziona, amene anapita kukagwira ntchito ku Tete, akadzabwera adzadye thelere lenileni. Loweruka lapitali m'mawa ndinapeza m'chigubumo mulibe kanthu.

Bambo ake ndinawapeza atagwada patsinde pa mtengo wathu wofota wa nachesi, pamene tinakwirira mchombo wa mwanayo, manja ali mbuu ndi phulusa.

"Bambo a Ndaziona, mwatani? Owola phulusa akakuonani atidulira mtengowu!"

"Masamba achita chikasu, mayi," anayankha osandiyang'ana. "Thelere adzadya tsiku limodzi. Koma akadzapeza mtengowu utauma, adzati kwawo n'kuti?"

Ndinasuzumira kumsewu. Kunalibe munthu. Ndinathamangira kumtsuko kukatunga madzi, kuti phulusalo lilowe pansi ngolo isanafike.