Tambala wa M'chitsime

"Mayi Hadlock, taonani zimene ndajambula lero," anatero Lyman, mmisiri wa zithunzi amene ankachita lendi chipinda pafamu yawo ku Vermont.

Orpha Hadlock anapukuta manja n'kuweramira papepalapo. Anali tambala wachitsulo, uja amaikidwa padenga kuti azisonyeza kochokera mphepo. Penti wamadzi anali asanaumitsitse.

"Koma inu dzanja muli nalo! Dzimbiri ili ngati ndilikande ndi chala. Nanga mchira wothyokawu..."

Mchira umenewo ankaudziwa. Amene anauthyola ndi mwala anali mlongo wake Ansel, ali ana. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo Ansel anatsitsa tambalayo kuti akamukonzetse kutauni, ndipo sanabwerenso. Mwamuna wa Orpha, Ellery, ndiye anati anamuona akukwera sitima, tambala ali kukhwapa. Masiku amenewo n'kuti awiriwo akukanganirana munda.

"Mwamuona kuti tambalayu?" anafunsa Orpha chapansipansi.

"M'chitsime chakale chija, kuseri kwa khola. Ndinachotsa matabwa n'kumukoka ndi mbedza. Pansipo pakuoneka zinanso, zokulungidwa m'chijasi. Mawa nditsikamo ndikaone."

Thabwa la pansi linalira kumbuyo kwawo. Ellery anali ataima pakhomo, matope ali kunsapato. Anafika pathebulo, nayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anamwetulira.

"N'chokongoladi, achimwene," anatero mofatsa. "Mawa musavutike n'kufuna munthu wina. Chingwe ndikugwirirani ndine."