Mbale Yobiriwira ya Kalin

"Anti Stoyanka, mundiuze chimene mumathira m'nyemba zanu," anatero Desislava, atatsekereza wophika wa pasukulu yamkaka pakhomo la khitchini. "Kunyumba mwana wanga Yoana amangolavula chilichonse. Adokotala akuti sikelo yake sikukwera, koma aphunzitsi akuti kuno amachita kunyambita mbale."

"Sindithira kalikonse. Ndi mchere womwe ayi."

"Musandibisire."

"Mwana wanu mbale yake saikhudza. Amadya za Kalin, mnzake wokhala naye moyandikana, uja ali ndi vuto la impso. Zake ndimaphika padera, zopanda mchere, n'kuika m'mbale yobiriwira, ndipo ana onse tinawaletsa kuiyandikira. Kalin akangocheuka, supuni ya Yoana yalowa kale."

"Ndiye mwana wa eni ake amaswera ndi njala?"

"Ndimamupakulira za anthu awiri."

Tsiku lomwelo Desislava anagula mbale yobiriwira. Anaphika nyemba zopanda mchere n'kuziika pamaso pa mwamuna wake, Zdravko.

"Yoana, izi ndi za atate ako, akudwala. Usayerekeze kuzikhudza."

"Ndikudwala chiyani?" anafunsa Zdravko.

"Impso. Tayang'anani pawindo."

Zdravko anayang'ana pawindo. Kunja kunali chipale chofewa ndi galimoto ya aneba. Kumbuyo kwake supuni inkagogoda mbale.

"Ndicheuke?"

"Sanamalize."

Pofika Pasaka, adokotala anayamikira masaya a Yoana. Kenako anayang'anitsitsa Zdravko, yemwe anali ataboola kale bowo lina palamba wake chifukwa choonda, n'kumuuza kuti akayezetse impso.