Makina Akakhala Chete

"Bwanji uthenga wa mphepo sunabwere lero?" Hidaya anafunsa mchimwene wake Yunus, ali wefuwefu pakhomo. Kunja mwera unali utayamba kale kugwedeza malata.

Makompyuta a Yunus, amene kale ankangokumba ndalama za pa intaneti, anali atawapereka ku gulu la asodzi a ku Nkope kuti aziwerengera zanyengo n'kumachenjeza anthu pafoni mwera usanafike. Koma m'mawa umenewo, atamva kuti ndalamazo zakwera mtengo, anawabweza mwakachetechete ku ntchito yakale. Mumtima ankati n'kanthawi chabe, palibe angadziwe.

"Achimwene, ndikufunsatu inu!"

"Mwina ndi netiweki," anatero Yunus, maso ali pansi. "Koma asodzi onse atuluka m'madzi, eti?"

"Asodzi atuluka, koma boti la ku Makanjira lanyamuka." Hidaya analoza kunyanja. "Alamu akwera lomwelo. Ndinawaletsa ine, koma anandionetsa foni n'kunena kuti, 'Makina a amuna anga akakhala chete, ndiye kuti nyanja ili bwino.'"

Yunus anagwira khoma. Kumbuyo kwake kompyuta inalira kamodzi, mokoma ndithu, kumuuza kuti waphula kangachepe.