Maola Atatu a Dziwe Lathu

Masiku ano khomo lililonse limasankha maola atatu a magetsi pa tsiku, ndipo mukasankha simusintha mpaka chaka chithe. Bambo ankafuna makina opalasa ngati njinga owonjezera mpweya m'dziwe la makumba athu, ndiwo zathu za chaka chonse. Koma dziwelo lili pamalo a kwawo kwa amayi, ndiye ogamula anali amalume, a Chikadza.

"Alamu, mukalamba nako kupalasa," anatero amalumewo akuseka. "Tigule amagetsi otulutsa thovu, tiziyatsa masana. Nsomba zimabanika ndi dzuwa."

Ine ndinali nditagwada pomwepo, ndikuwasambitsa m'manja. Kusukulu tinaphunzira kuti mpweya m'dziwe umachepa mbandakucha, osati masana. Mawu anafika pakhosi, koma ndikanawatsutsa bwanji amalume pamaso pa bambo?

Tinaguladi makina amagetsiwo n'kusankha maola a masana. Mwezi usanathe, tinavuula makumba madengu awiri m'mawa umodzi, onse mimba kumwamba. Amalume sanabwere.

Bambo anandiyang'ana. "Iwe Ndaziona, zoterezi kusukulu sanakuphunzitseni?"

"Sanatiphunzitse, bambo."

Anapukusa mutu n'kunena kuti zaka zinayi za sekondale zija zinangopita pachabe. Ine ndinawerama, n'kupitiriza kutumbula nsomba.