Malemu Oyendayenda

Chikwama cha mwana chinali pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, cholongedza kale. Mayi Telala ankapalasa makina osayang'anako, koma phazi likaphonya pang'ono linkachigunda. Madzulo apongozi awo amabwera kudzatenga mwanayo, ndipo ulendo uno sunali wokacheza ayi.

Zonsezi anayambitsa ndi malemu amuna awo, munthu amene ali moyo sankakhazikika pakhomo, ndipo atamwalira anachita kuwonjeza. Anapita kutali kukagwira ntchito yokonza misewu. Uthenga anabwera nawo ndi apongozi omwewo, akugubuduzika pakhomo pa shopu: ngozi, thupi losaoneka bwino, amuika konko. Mayi Telala sanafunse zambiri. Iwowa ndi aja amawoloka msewu akaona pokhomera mabokosi a maliro. Ukanawapatsa galimoto yaulere yokaonera manda, mutu ukanawapweteka tsiku lomwelo.

Chaka chisanathe anawaona malemuwo. Dzuwa lili paliwombo, m'minibasi yodutsa, atakhala pawindo akutokosa m'mano. Sizasi inalowera kwina, diresi ya mkwatibwi wa eni ake n'kusanduka siketi. Kachiwiri anawaona mumsika akusankha nsapato. Anataya dengu pomwepo, liwiro la mtondo wadooka.

"Akukufunani," anatero apongozi akupukusa mutu. "Mzimu ukamaoneka masana ndiye kuti wakwiya. Mukauona musayang'ane kawiri, musaitane dzina. Ndipo kwathu kuja muyambe mwaleka kufika, mwana wanga, mungatibweretsere."

Achimwene awo a Mayi Telala, ogulitsa mankhwala, munthu wosakhulupirira chinthu chimene sichilowa m'botolo, anaseka mpaka kutsamwa.

"Achemwali, wakufa ndi wakufa. Mzukwa wake uti wogula nsapato? Ukazivala popita kuti? Ndi maganizo amenewo. Muzimwa timapiritsi iti."

Wina akuti mzimu, wina akuti mutu. Mayi Telala, posafuna kulakwira aliyense, anadwala zonse ziwiri. M'mawa mapemphero, madzulo mapiritsi. Makasitomala anayamba kulowa m'shopumo chammbali ngati nkhanu.

Chimene chinawathyola msana ndi mwana. Kamtsikanako katabwerako kocheza kwa agogo ake, kanatulutsa switi m'thumba.

"Andipatsa adadi."

Mayi Telala anakatseka pakamwa ndi chikhatho, switi ija n'kuiponya pa makala a simbi. Mwana analirira switi, mayi analirira mwana.

"Mwaonatu," anatero apongozi atamva. "Wayamba kumunyengerera. Fungo lanu lili pa mwanayu, ndi limene akulondola. Akakhalabe ndi inu, tsiku lina adzapita naye. Ndipatseni ine. Malemuwo ndinabereka ndine, amandimvera."

Achimwene, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anagwirizana ndi munthu wokhulupirira mizimu. Munthu woona zinthu zimene kulibe, anatero, asamasiyidwe ndi mwana ndi sizasi m'chipinda chimodzi.

Ndiye chikwama chija. Madiresi onse a m'menemo Mayi Telala anasoka okha, mipendero anaisiya yaikulu kuti mwana akamakula azingomasula. Womasulayo akhala ndani, sanafune kuganiza. Ankangodziuza kuti bola mwana wamoyo kwa agogo kusiyana ndi mwana wotengedwa pamiyendo pa amake.

"Odi kuno amayi!"

Analowa mtsikana wachilendo, woyembekezera, mathalauza atawakoleka pamkono, pakamwa pakuyenda kuposa makina.

"Mundikulitsireko awa. Bambo akunyumba anenepa ngati alembedwa ntchito yodya. Telala wakwathu ndi chidakwa, mwendo wina amaufupikitsa, munthu n'kumaoneka ngati waima pachulu."

"Mwachokera kutali?"

"Tsidya lina la tauni. Ndabweratu mozemba. Apongozi anga amandiletsa mbali ino, akuti kuli mayi wina wamisala amathamangitsa anthu ndi sizasi. Si inu eti?"

Mtsikanayo anaseka yekha. Mayi Telala anayesa kumwetulira, n'kuika sizasi pansi pang'onopang'ono.

"Muyeso wa m'chiuno mwabwera nawo?"

"Aa, muyesonso? Dikirani ndikuonetseni mimbayo, muweruze nokha." Anatulutsa foni, chala chikuthamanga pa zithunzi. "Koma mufulumireko, mayi anga, ndikakonze m'nyumba. Madzulo apongozi akutibweretsera kamwana ka amuna anga, ka kwa mkazi woyamba. Amake mutu unasokonekera, osauka. Eya, awa apa."

Pachithunzipo malemu anali atanenepadi, masaya phwii, dzanja lili paphewa la mtsikanayo. Pambali pawo panali apongozi, atanyamula keke, akuseka mano onse pamtunda.